Zomwe tikuphunzira pa ulendo wa banja lina ku Turkey



Teremu ino itangoyamba, mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera ndi zithunzi za ku Turkey, komwe banja lake linakhala milungu inayi ya tchuthi likuyendera mizinda ya Istanbul, Bursa ndi Konya. Anzake atangoziona, mafunso anachuluka m'kalasi. Wina anafunsa ngati ulendo wotere ukufanana ndi Umra. Wina anafuna kudziwa momwe ankaswalira masiku onsewo. Taona kuti mayankho ake angathandize tonse, n'chifukwa chake tawalemba muno.

Tiyambe ndi zomwe anakaona. Istanbul ndi mzinda womwe mbali ina ili ku Ulaya, ina ku Asia, ndipo pakati padutsa madzi otchedwa Bosphorus. Kale unkatchedwa Constantinople, ndipo Sultan Mehmed II anaugonjetsa pa 29 Meyi 1453 ali ndi zaka 21 zokha. Nyumba yotchuka ya Hagia Sophia inamalizidwa mu 537 ngati tchalitchi, inasanduka mzikiti mu 1453, boma linaisandutsa malo osungira zakale mu 1934, ndipo anthu anayambanso kuswaliramo mu 2020. Moyang'anizana nayo pali mzikiti wa Sultanahmet wa minara 6. Ku Bursa, likulu lakale la ufumu wa Ottoman, kuli Ulu Cami, mzikiti wa madenga ozungulira 20. Ku Konya kuli manda a Jalaluddin Rumi, yemwe anamwalira mu 1273.

Malo omwe anakhudza kwambiri mtima wa banjali ndi Eyüp, komwe kuli manda a Abu Ayyub al-Ansari (RA). Ophunzira a Sira mukumukumbukira: ndi Swahaba uja amene analandira Mtumiki Muhammad (SAW) m'nyumba mwake atasamukira ku Madina mu 622. Atakalamba anatsagana ndi gulu lankhondo mpaka ku Constantinople, ndipo anamwalirira komweko.

Nanga ulendowu ukufanana ndi Umra? Ayi. Qur'an imatilimbikitsa kuyenda padziko ndi kulingalira za omwe anatitsogolera, choncho kukaona malo otere ndi kololedwa ndipo n'kopindulitsa. Koma Haji ndi Umra zimachitikira ku Makka kokha, ndipo misikiti yomwe Mtumiki (SAW) anaiika padera kuti munthu aikonzere ulendo pofuna malipiro apadera ndi itatu: wa ku Makka, wa ku Madina ndi Al-Aqsa. Kholo lomwe ndalama zake zikukwanira Haji koma silinapiteko, liyambe lalingalira za udindo umenewo. Ndipo tikafika pamanda a munthu wolungama timapereka salamu ndi kumupemphera kwa Allah. Zosowa zathu timapempha kwa Allah yekha.

Za Swala, wapaulendo ali ndi chilolezo chofupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kuchoka pa marakaa 4 kufika pa 2, monga momwe Surat An-Nisa, ndime 101, ikusonyezera. Fajr ndi Maghrib sizifupikitsidwa. M'madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsatira, ulendo ukhale wa makilomita pafupifupi 81 kapena kuposera, ndipo munthu akatsimikiza kukhala pamalo amodzi masiku 4 athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, aziswali mokwanira. Choncho banja lomwe lakonza kukhala sabata yonse ku Istanbul siligwiritsa ntchito chilolezochi likafika mumzindawo, koma lingachigwiritse ntchito panjira ya ku Konya. Komanso woswali kumbuyo kwa imamu wa pamalopo amamaliza naye marakaa onse.

Asilamu ambiri a ku Turkey amatsatira madhhab a Imam Abu Hanifa. Mtsikana wathuyu anadabwa kuona kuti sakweza manja popita pa ruku, sanena Amin mokweza, ndiponso sachita Qunut pa Fajr. Zimenezi zisatikhumudwitse, pakuti maimamu onsewa ali ndi maumboni awo, ndipo Swala yathu kumbuyo kwawo ndi yolondola. Nthawi nazonso zimasiyana. Kumayambiriro kwa Ogasiti, Maghrib ya ku Istanbul imakwana cha m'ma 8 koloko usiku, pomwe kuno dzuwa limakhala litalowa 6 koloko isanakwane. Mawu atatu a Chiteki angakuthandizeni: cami, lotchulidwa kuti jami, ndi mzikiti; namaz ndi Swala; abdest ndi wudhu.

Akomiti ya mzikiti, phunziro lanu lili pa mzikiti wa Süleymaniye, womwe katswiri wa zomangamanga Mimar Sinan anaumanga kuyambira 1550 mpaka 1557. Mozungulira mzikitiwu anamanga madrasa, sukulu ya zaudokotala, chipatala ndi khitchini yophikira osauka. Zonsezi zinkayenda ndi chuma cha wakfu, kutanthauza minda, masitolo ndi nyumba zomwe zinaperekedwa mpaka kalekale kuti phindu lake lizithandiza anthu. Ife sitingamange za miyala ngati zimenezo, koma okala imodzi kapena munda umodzi wa wakfu ungathe kulipirira fizi ana amasiye a pasukulu pano chaka ndi chaka.

Ambiri a ife mwina sitidzafika ku Istanbul, ndipo pasakhale mwana wodziona wotsika chifukwa cha zimenezo. Zithunzizi tazipachika mulaibulale ndi chilolezo cha banjali. A Fomu 3 ndi Fomu 4, kazioneni, ndipo Lachinayi likudzali mudzabwere mutalemba tsamba limodzi lofotokoza malamulo a Swala ya wapaulendo. Insha Allah tidzakambirana zomwe mwalemba.