Kuthamanga Sikufika: Zoyenera Kudziwa Musanakwere Boti la Liwiro

Mayeso akangotha, nkhani imene imakoma pakati pa ophunzira ndi magulu a achinyamata a mpingo ndi ya ulendo wa kunyanja. Timasonkherana ndalama, timapeza kosita, n'kunyamuka ku Misesa mbandakucha kudzera ku Limbe, Zomba ndi Liwonde mpaka kukafika ku Mangochi. Tikangoponda mchenga, anyamata a maboti amakhala atatizungulira kale, aliyense akuitanira lake. Sipatenga nthawi, anthu khumi kapena kuposerapo adzazana m'boti, injini yalira, ndipo amene atsala pamtunda akujambula ndi mafoni.

Ambiri mwa ife tinakulira kumtunda. Madzi amene timawadziwa ndi a pampopi ndi a m'timitsinje ngati Naperi ndi Mudi. Kusambira kwenikweni sitidziwa. N'chifukwa chake ndi bwino kumvetsa chimene chimachitika boti likamathamanga, kuti tsiku la chisangalalo lisasanduke la maliro.

Madzi salinso ofewa ukawafikira pa liwiro

Tikamasamba, madzi amaoneka ofewa chifukwa amapeza mpata wopatuka thupi likamalowa. Koma madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndipo munthu akawagwera mothamanga sapatuka msanga. Munthu wogwa m'boti lothamanga makilomita 50 pa ola amamenya madzi pa liwiro lofanana ndi la munthu wogwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10. Akhoza kuthyoka nthiti, kuvulala khosi kapena kukomoka. Wokomoka m'madzi amamira ngakhale atakhala katswiri wosambira.

Amene anaphunzira sayansi akukumbukira kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi. Choncho woyendetsa akachoka pa makilomita 30 pa ola n'kufika pa 60, kuopsa kwa ngozi kumakwera kwambiri kuposa mmene okwera akuganizira.

Chinanso n'chakuti boti lilibe mabuleki. Woyendetsa akafuna kuima amangochepetsa moto, n'kudikira kuti madzi aliletse. Pa makilomita 60 pa ola, boti limayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ngati woyendetsa wacheukira anzake kwa masekondi awiri okha, boti ladutsa mamita oposa 30 popanda woyang'ana kutsogolo. M'mamita amenewo mungakhale mwana wosambira, bwato la msodzi, ukonde, mwala wobisika kapena mvuu.

Ngakhale akatswiri zinawakanika

Boti la liwiro likathamanga limadzuka n'kumayenda pamwamba pa madzi, mbali yochepa yokha ya pansi ndiyo imakhudza madziwo. Apa m'pamene pali kukoma kwake, ndipo kuopsa kwake kulinso pomwepa. Funde likalitukula kutsogolo, mphepo imalowa pansi pake n'kulinyamula. Likagwa chozyolika, limalowa m'funde lotsatira n'kuima mwadzidzidzi, anthu n'kuponyedwa kutsogolo. Likakhota mothamanga, limatha kugwira madzi ndi mbali imodzi n'kutaya onse okwera.

Pa 4 January 1967, Donald Campbell wa ku Britain ankafuna kuposa liwiro limene iye mwini anakhazikitsa pamadzi. Pa nyanja ya Coniston Water, boti lake lotchedwa Bluebird K7 linali pa liwiro la pafupifupi makilomita 480 pa ola pamene linadzuka kutsogolo, kutembenuka m'malere ndi kuphwanyika pamadzi. Thupi lake linapezeka mu 2001. Pa 3 October 1990, Stefano Casiraghi, mwamuna wa Princess Caroline wa ku Monaco, amenenso anali katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa maboti a liwiro, anafa boti lake litagunda funde n'kugubuduka pafupi ndi Monaco. Didier Pironi, yemwe anatchuka pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One, anafa mu 1987 pamodzi ndi anzake awiri pafupi ndi Isle of Wight, boti lawo litakwera mafunde osiyidwa ndi sitima yonyamula mafuta.

Awa anali anthu odziwa ntchito yawo, okhala ndi amakaniki ndi opulumutsa anthu pafupi. Nanga mnyamata amene waphunzira injini mwezi watha, ndipo akufuna kusangalatsa alendo?

Kachingwe kamene kamapulumutsa moyo

Maboti ambiri a injini yomangirira kumbuyo amakhala ndi kachingwe, kawirikawiri kofiira, kotchedwa kill cord. Mbali imodzi imalowa pa switchi ya injini, ina woyendetsa amaimanga pamwendo kapena pa jekete lake. Akagwa, kachingweko kamazuka ndipo injini imazima pomwepo. Popanda kachingweka, boti lopanda woyendetsa limapitiriza kuthamanga, ndipo nthawi zambiri limayamba kuzungulira malo omwewo pamene anthu agwera. Pulopela, kachitsulo kamapiko kamene kamapalasa madzi, kamazungulira kambirimbiri pa sekondi ndipo kamatema ngati chikwanje.

Zimenezi zinachitika ku Padstow, ku England, pa 5 May 2013. Banja la anthu asanu ndi mmodzi linagwera m'madzi boti likukhota. Kachingwe sikanamangidwe. Botilo linawazungulira n'kuwaponda, bambo ndi mwana wamkazi wa zaka 8 anafa, ndipo mayi anaduka mwendo. Kachingwe kameneka n'kotsika mtengo, koma kakapachikidwa pa injini ngati chokongoletsa kalibe ntchito.

Nyanja yathu ili ndi khalidwe lake

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena kumpoto ndi akuya pafupifupi mamita 700. M'miyezi yozizira, makamaka kuyambira May mpaka August, kumaomba mwera kuchokera kummwera chakummawa. Poti mphepoyi imayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, imautsa mafunde aakulu. Kum'mawa nyanja ikhoza kukhala bata, masana n'kukhala itakalipa. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo asodzi odziwa nyanja amakokera mabwato awo kumtunda.

Mbiri yathu ili ndi zipsera. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya inagubuduka ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Mu April 2017, pa Lamulungu la Pasaka, boti lonyamula anthu pafupifupi 80 ochokera ku mapemphero linagubuduka ku Mlowe m'boma la Rumphi, ena n'kutaya miyoyo. Mu May 2023, mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire ku Nsanje.

Zombo zimenezi sizinali za mpikisano. Koma zimene zinabweretsa ngozizo, monga nyengo yoipa, kudzaza kopyola muyeso ndi zobisika m'madzi, zimadikiranso boti la liwiro, ndipo liwirolo limachotsa nthawi yoti woyendetsa akonze cholakwa. Boti lodzaza limatitimira, m'mphepete mwake mumayandikira madzi, ndipo anthu akathamangira mbali imodzi, kaya pothawa funde kaya pofuna kujambula, limapendekeka n'kumwa madzi.

Musanaponde m'boti

Safunsa anadya phula. Mtsogoleri wa ulendo ali ndi udindo wofunsa, ndipo wokwera aliyense ali ndi ufulu wokana. Dziko lathu lili ndi lamulo la zamaulendo a pamadzi, Inland Waters Shipping Act, ndiponso nthambi ya boma yoona za maulendowa, choncho kufunsa ngati boti linalembetsedwa komanso ngati woyendetsa ali ndi chiphaso si mwano.

Werengani majekete oyandamitsa. Akhale okwanira aliyense, ndipo ana apatsidwe a msinkhu wawo. Jekete livalidwe ndi kumangidwa zolimba boti lisananyamuke; lokhalira kapena loika pansi pa mpando silithandiza munthu amene waponyedwa kale m'madzi. Funsani kuti boti limanyamula anthu angati. Ngati gulu lachuluka, pitani maulendo awiri, ngakhale zitadula. Onetsetsani kuti woyendetsa wamanga kachingwe kozimitsira injini. Ngati akununkha mowa kapena chamba, tsikani.

Muli m'boti, khalani pansi ndi kugwiritsa. Musakhale kutsogolo mutalendewetsa miyendo, chifukwa wogwera pamenepo boti limamudutsa pamwamba n'kumufikitsa pa pulopela. Musamukuwize woyendetsa kuti awonjezere moto. Wina akagwera m'madzi, mmodzi amuloze ndi chala osamuchotsa maso, ena amuponyere chinthu choyandama, ndipo injini izimitsidwe asanamukwezere m'boti. Wosadziwa kusambira asadumphire kuti akapulumutse mnzake. Boti likagubuduka koma likuyandamabe, ligwireni. Opulumutsa amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu pakati pa mafunde, ndipo gombe limaoneka pafupi pamene lili kutali. Dzuwa likapendeka kapena mwera ukayamba, ulendo wa boti udikire tsiku lina.

Pamtunda pakhale munthu mmodzi wosunga mndandanda wa mayina a onse amene akwera, ndipo awerengenso anthu boti likabwerera. Makolo amene anatiperekeza pa siteji ku Misesa anawerenga ana awo ponyamuka, ndipo madzulo adzakhala pomwepo kudikira kuti chiwerengero chikwanire.