N'chifukwa chiyani atsikana akutha msinkhu adakali aang'ono?



Agogo ambiri aakazi mukawafunsa kuti iwo adatha msinkhu liti, amayankha kuti adali atsikana aatali kale, otha kusinja mtondo wathunthu ndi kusenza ndowa yodzadza kuchokera kudambo. Lero mwana wa Sitandade 4 akumamera mawere, wa Sitandade 5 n'kuona msambo, makolo n'kugwira njakata. Pamjigo ndi pabwalo la mzikiti pamamveka zifukwa zosiyanasiyana. Ena akuti ndi nkhuku zoyera za masabata asanu ndi imodzi zija, ena akuti ndi mafoni, ndipo ena, amene mawu awo amapweteka koposa, akuti mwanayo wayamba kudziwa amuna. Nkhaniyi ikukhudza swala ya ana athu, kusala kwawo ndi sukulu yawo, choncho tiilankhule poyera. Mayi wathu Aisha (Allah asangalale nawo) adatamanda amayi achi Ansar a ku Madina chifukwa manyazi sankawaletsa kuphunzira chipembedzo, ndipo adatero mayi wina atafunsa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) za kasambidwe ka pambuyo pa msambo.

Zimene agogo akuonazo n'zoona, ndipo sizikuchitika kuno kokha. Ku Norway ndi mayiko oyandikana nawo, cha m'ma 1840 mtsikana ankaona msambo woyamba ali ndi zaka 16 kapena 17. Pofika m'ma 1960 zakazo zidatsika kufika pa 13. Kufupi kuno, ku South Africa, atsikana achikuda a m'tauni ankauona ali ndi zaka pafupifupi 15 mu 1956, koma pofika 2004 a ku Soweto ankauona ali ndi zaka 12 ndi theka. Mu 1997 Marcia Herman-Giddens adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa atsikana 17,000 ku America. Mabuku a madokotala ankanena kuti mawere amayamba kumera pa zaka 11, koma iye adapeza kuti atsikana achizungu ankayamba pa zaka pafupifupi 10, achikuda asanakwane 9. Mu 2020 akatswiri a ku Denmark adasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri n'kupeza kuti kuyambira 1977 mpaka 2013, msinkhu womerera mawere wakhala ukutsika ndi miyezi itatu pa zaka khumi zilizonse. Miyezi itatu ikuoneka yochepa, koma pakati pa gogo ndi mdzukulu wake imakwana chaka chathunthu ndi kupitirira.

Kutha msinkhu kumayambira mu ubongo. M'katikati mwake muli kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene pa nkhani imeneyi kamakhala duu ubwana wonse. Nthawi ikakwana kamayamba kutulutsa timadzi tonyamula uthenga, timene madokotala amati mahomoni, n'kudzutsa kachiwalo kena kochepa ngati nandolo kamene kali pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary. Iko kamatumiza uthenga m'magazi kupita kumene kumasungidwa mazira, m'mbali mwa chiberekero, ndipo kumeneko kumayamba kupangidwa homoni yachikazi ya estrogen. Mawere amayamba kumera, mwana amatalika mofulumira, ubweya umatuluka, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu msambo umafika. Mbali ina ya nthawiyi ndi yakumtundu: mayi amene adakula msanga, kawirikawiri mwana wakenso amakula msanga. Koma zakumtundu sizisintha m'mibadwo iwiri yokha. Chasintha ndi china.

Chachikulu ndi chakudya. Allah adalilenga thupi la mkazi mwanzeru: sililola kuyamba ntchito yobereka lisanatsimikize kuti nkhokwe ili ndi kanthu. Nkhokweyo ndi mafuta a m'thupi. M'zaka za m'ma 1970 Rose Frisch wa ku Harvard adaonetsa kuti atsikana owonda kwambiri, monga othamanga mipikisano, amachedwa kuona msambo, ndipo ena umasiya. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku New York ndi anzake adatulukira mthenga wake, homoni yotchedwa leptin. Imapangidwa ndi mafuta omwewo, ndipo akachuluka iyonso imachuluka, n'kukauza ubongo kuti chakudya chilipo chokwanira. Mwana wa zaka 8 wonenepa kwambiri ubongo wake umalandira uthenga umene mwana woonda akadaulandira pa zaka 11.

Umboni wina wa zimenezi udapezeka ku Sweden. Atsikana obadwira mu umphawi ku India, amene adatengedwa kukaleredwa ndi mabanja a kumeneko, adatha msinkhu msanga kuposa anzawo otsala ku India, msanganso kuposa ana a ku Sweden komweko. Thupi limene lidazolowera njala likapeza chakudya chambiri mwadzidzidzi limathamanga. Izi n'zofunika kwa ife, pakuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Mwana wotere akatengedwa kumudzi n'kukakhala kwa azakhali ku Limbe kapena ku Lilongwe, azakhaliwo asadabwe akamuona akukula mofulumira.

Tisaiwale kuti mbali yaikulu ya kutsika kwa zakazi ndi chisomo. Agogo ankachedwa kukula chifukwa cha njala, malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi ntchito yakalavulagaga. Kuchedwa kuja sikudali umboni wa khalidwe labwino. Chodetsa nkhawa ndi mbali yatsopanoyi, pamene kukhuta kwasanduka kunenepa. Taonani zimene zimagulitsidwa pachipata cha sukulu za pulayimale: tchipisi, zigege, mandasi, mafirizesi, masiwiti, zakumwa zotsekemera. Mwana amadya zimenezi m'mawa, masana n'kukhala pansi m'kalasi, madzulo n'kukhalanso pansi ndi foni kapena wailesi yakanema, fulaye ndi phada zidaiwalika. Kafukufuku wa ku America wa 2024, wa amayi oposa 71,000, adapeza kuti obadwa pakati pa 1950 ndi 1969 ankaona msambo pa zaka 12.5, obadwa pakati pa 2000 ndi 2005 pa zaka 11.9, ndipo pafupifupi theka la kusiyanaku lidachokera ku kulemera kwa thupi. Ife Asilamu malangizo tili nawo kale, a kusapyola malire pakudya ndi a kusiyira madzi ndi mpweya malo m'mimba. Timangowakumbuka m'mwezi wa Ramadhan, ndipo ngakhale m'menemo futari amatigonjetsa.

Zifukwa zina zilipo, ngakhale mphamvu yake siifika pa ya chakudya. China ndi nkhawa yokhalitsa. Atsikana okulira m'nyumba za ndewu, kapena mopanda bambo, kapena amene adachitidwa nkhanza, amapezeka kawirikawiri kuti adatha msinkhu msanga. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, madokotala a ku Italy ndi mayiko ena adaona chiwerengero cha atsikana okula nthawi isanakwane chitakwera kwambiri. Anawo adali kunyumba, osasewera, akudya pafupipafupi, akugona mochedwa ndi mafoni m'manja, ali ndi mantha. Foni payokha siimeretsa mawere, koma imalanda tulo ndi masewera.

Palinso mankhwala ena a m'mapulasitiki, m'mafuta odzola ndi ophera tizilombo m'munda, amene akalowa m'thupi amasokoneza mahomoni. Mu 1973 ku Michigan, mankhwala oletsa moto adasakanikirana mwangozi ndi chakudya cha ng'ombe, anthu n'kudya nyama ndi kumwa mkaka wake. Atsikana obadwa kwa amayi amene adali ndi mankhwalawo ambiri m'magazi, n'kuyamwa bere, adaona msambo msanga kuposa anzawo. Imeneyo idali ngozi yaikulu, yosafanana ndi tochepa timene timakumana nato tsiku ndi tsiku. Komabe kuika phala kapena tchipisi tamoto m'jumbo yopyapyala n'chizolowezi chimene tingachisiye osataya kanthu.

Nanga nkhuku zoyera? Zimakula msanga chifukwa cha mtundu wake, umene alimi akhala akuusankha kwa zaka zambiri, ndi chakudya chimene zimapatsidwa. Ngati nkhukuyo ili ndi mlandu, mlanduwo uli m'mafuta okazingira ndi kuchuluka kwa m'mbale. Za amunazo ndi bodza lamkunkhuniza. Kugona ndi mwamuna si kumene kumameretsa mawere kapena kubweretsa msambo. Wonena zimenezi akunamizira mwana wosalakwa tchimo lalikulu, ndipo Shariya ili ndi mawu olimba kwa onamizira akazi odzisunga. Kumene kwapezeka kuti mwana wokula msanga adagwiriridwapo, wolakwa ndi wamkuluyo, ndipo mwanayo akufunika chipatala ndi chitetezo.

Zimene Shariya ikunena

Ambiri mwa ife timatsatira mazihabu a Imam Shafi'i. M'menemo mtsikana amakhala baligh, kutanthauza woyenera kusenza malamulo, akaona msambo, kapena akadzilotera, kapena akakwana zaka 15 ngakhale asanaone kanthu. Kumera mawere pakokha sikumupanga baligh. Msinkhu wotsikitsitsa wa msambo ndi zaka pafupifupi 9, ndipo magazi obwera kutali ndi msinkhu umenewu sawerengedwa ngati msambo. Zaka zimenezi ndi za kalendala ya mwezi, imene chaka chake chili ndi masiku 354. Choncho zaka 9 ndi zaka 8 ndi miyezi pafupifupi 9 pa kalendala ya kusukulu, ndipo zaka 15 ndi 14 ndi theka. Maulama akale adaona patali, pakuti malire adaika zaka zoposa chikwi zapitazo akukwanirabe ana a lero.

Tsono mwana wa Sitandade 5 akaona msambo, swala zisanu zamugwera, kusala kwa Ramadhan kwamugwera, kudziphimba ndi kusamba kwa ghusl zamugwera. Ayenera kudziwa kuti masiku a msambo saswali ndipo sasala, kuti masiku osala amabweza koma swala sabweza. Ayeneranso kudziwa kuwerenga masiku, chifukwa chaka choyamba ndi chachiwiri msambo umabwera mosalongosoka. Kwa a Shafi'i wochepetsetsa ndi usana ndi usiku umodzi, wotalikitsitsa masiku 15, ndipo magazi opitirira apo ndi a matenda, otchedwa istihadha, amene saletsa swala. A Hanafi amawerenga masiku 3 mpaka 10. Apa ndi pamene pagona vuto lathu. M'madrasa ambiri mutu wa msambo umaphunzitsidwa m'makalasi apamwamba, ndipo kumudzi malangizo amadikira ndakula, zinthu zitachitika kale. Mwana amene sadauzidwepo kanthu akaona magazi amaganiza kuti wavulala kapena walodzedwa, amabisa, amaswali ali wosayera poopa kufunsidwa. Phunziroli litsike, lifike kwa atsikana a zaka 8, liphunzitsidwe ndi amayi.

Baligh si munthu wokhwima nzeru. Qur'an yokha idasiyanitsa ziwirizi. Mu Surat An-Nisa, ndime 6, woyang'anira chuma cha mwana wamasiye sakuloledwa kumupatsa chumacho chifukwa chongoti wakula thupi. Ayambe wamuyesa, aone mwa iye nzeru zoyendetsera zinthu, zotchedwa rushd. Ngati mbuzi ndi munda sizingaperekedwe kwa mwana wopanda rushd, banja ndi mimba zingaperekedwe bwanji? Madokotala akuti chigawo cha ubongo cholingalira zotsatira za zochita chimakhwima munthu atapitirira zaka 20, ndipo sichidafulumire pamodzi ndi mawere. Mafupa a m'chiuno nawo amapitiriza kukula zaka zingapo msambo utayamba, n'chifukwa chake ana obereka ali ana amavutika pochira ndipo ena amatsala ndi fistula. Lamulo la dziko lino la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisatsitsenso zakazo. Komabe kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwane 18. Mawu akuti "wakula, nanga akudikiranji" akatsika limodzi ndi zaka za msambo, titaya ana a Sitandade 6.

Inu anyamata a pasukulu pano, mtsikana akadetsa diresi m'kalasi, kuseka kwanu kungamusiyitse sukulu. Surat Al-Hujurat idaletsa kunyozana ndi kupatsana mayina achipongwe, ndipo sidapatule a Fomu 1. Inu atsikana akuluakulu, ang'ono anu kunyumba amamasuka kwa inu kuposa kwa amayi. Auzeni zoona asanazimve kwa anzawo.

Makolo, pitani naye kuchipatala mwana amene wayamba kumera mawere kapena ubweya asanakwane zaka 8, kapena waona magazi ali wamng'ono chotero. Kawirikawiri sipapezeka matenda, koma nthawi zina gwero limakhala chotupa mu ubongo kapena kosungira mazira, makamaka ngati mwanayo akudandaulanso mutu ndi maso. Mwana wokula molawirira chonchi amatalika kuposa anzake poyamba, kenako mafupa amatseka msanga n'kutsala wamfupi, ndipo mankhwala oimitsa kaye kukulako alipo. Pitani nayenso amene wafika zaka 13 mawere osaoneka, kapena 15 msambo osabwera.

Kwa a komiti ya mzikiti pempho langa ndi lakuti madrasa akhale ndi chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko chotsekeka ndi ndowa ya madzi, pakhale mayi mmodzi wodziwika wosunga mapadi ndi chitenje chapadera, ndipo phunziro la twahara ya atsikana a zaka 8 ndi 9 liyambe Ramadhan ikubwerayi isanafike.