Zitsulo zimene zimasandutsa mpweya woipa kukhala mafuta

Mpweya wa carbon dioxide, umene umatuluka m'mafakitale ndi m'galimoto n'kumatenthetsa dziko, ndi wamakani. Ngakhale muusakanize ndi mpweya wa hydrogen m'botolo, pangadutse zaka osasintha kanthu, chifukwa maatomu ake atatu amagwirana zolimba.

Mu 1902, akatswiri a ku France, Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens, anaonetsa kuti mipweya iwiriyi ikadutsa pa ufa wotentha wa chitsulo cha nickel imasanduka gasi wa methane ndi madzi. Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912.

Chitsulochi chili ngati nkhoswe: chimakumanitsa awiri, koma banjalo si lake. Hydrogen akafika pamwamba pake amagawika pawiri, carbon dioxide akamatirapo amapindika n'kufooka, ndiye kulumikizana sikuchedwa. Chitsulocho chimatsala mmene chinalili, n'kulandira ena.

Chimene chimasowetsa akatswiri tulo ndi liwiro la ntchitoyi. Kutentha kukachepa, zinthu zimayenda mwaulesi. Kukakwera zimathamanga, koma ntchitoyi imatulutsanso kutentha kwakekwake, moti kukapyola muyezo methane amachepa ndipo carbon monoxide amachuluka. Tinjere ta nickel timayambanso kuundana, malo ogwirira ntchito n'kuchepa. N'chifukwa chake makina ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 300 ndi 400. Mdani wina ndi sulfur: ngakhale wochepa chabe, amakakamira pachitsulo n'kuchipha mphamvu, choncho mpweya umayamba wayeretsedwa usanalowe.

Nzeruyi inafika mpaka kumwamba. Mu 2010, pa International Space Station anaikapo makina otere okhala ndi chitsulo cha ruthenium, kuti mpweya woipa umene anthu akumeneko amatulutsa popuma uziwapatsa madzi. Ku Svartsengi m'dziko la Iceland, fakitale yotchedwa George Olah inatsegulidwa mu 2012 kuti izipanga mafuta ena otchedwa methanol kuchokera ku carbon dioxide ndi hydrogen, ndipo ataikulitsa inkatha kupanga matani 4,000 pachaka. Popanga methanol, chitsulo chodalirika ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc oxide.

Komabe chitsulo chimangofulumizitsa ntchito, sichipereka mphamvu. Mphamvu imachokera kwa hydrogen, amene amapezeka pogawa madzi ndi magetsi ochuluka. Ku Iceland magetsiwo amachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ndi m'mitsinje. Akachokera ku malasha, mpweya woipa wotuluka umaposa umene wachotsedwa.