Njala ya Moyo Wosatha: Miguel de Unamuno ndi Wansembe wa m'Mbali mwa Nyanja

Mwa anthu anzeru zakuya amene dziko la Spain lidabala, ndi oŵerengeka okha amene adasautsa atsogoleri a Eklezia monga Miguel de Unamuno. M'chaka cha 1953 Episkopi Antonio Pildain wa ku zilumba za Canary adalembera akristu ake kalata yomutchula kuti ndi mkulu wa ophunzitsa zosokeretsa, ndipo mu 1957 Roma adaika mabuku ake aŵiri m'kaundula wa mabuku oletsedwa. Kaundulayo adathetsedwa mu 1966. Lero tikhoza kumuŵerenga poyera, ndipo tiganiza kuti wansembe wotumikira m'midzi ya kunyanja, monga ku Liwaladzi m'boma la Nkhotakota, ali ndi chifukwa chakechake chomuŵerengera.

Unamuno adabadwira mu mzinda wa Bilbao mu 1864, m'banja lachikatolika lolimbika pa mapemphero. Chikhulupiriro cha ubwana wake chidazilala pamene ankaphunzira ku yunivesite ya Madrid. Mu 1891 adayamba kuphunzitsa Chigriki ku Salamanca, ndipo mu 1900 adakhala mkulu wa yunivesiteyo. Koma chaka chimene chidapotoza moyo wake ndi 1897. Mwana wake Raimundo ankadwala matenda otupitsa mutu, opanda mankhwala, ndipo usiku wina bamboyo adadzidzimuka ali ndi mantha aakulu a imfa, mantha a kusanduka chabe. Mwanayo adamwalira mu 1902. Kuyambira usiku uja Unamuno sadathe kubwerera ku chikhulupiriro cha ubwana wake, komanso sadathe kuchitaya.

Maganizo ake adaŵasonkhanitsa m'buku la 1913 lotchedwa Del sentimiento trágico de la vida, kunena kwake kumva m'mtima tsoka la moyo wa munthu. Iye akana kuti nzeru zakuya ziyambire pa "munthu" wa m'mabuku, amene sabadwa, sadwala, saikidwa m'manda. Ziyambire pa munthu uyu wa mnofu ndi mafupa, amene ali ndi dzina, ndipo safuna kufa. Mwa munthu ameneyu muli nkhondo. Nzeru za m'mutu zikatsata njira yake mpaka kumapeto, zimamuuza kuti imfa imatsiriza zonse. Mtima umakana kwamtuwagalu. Unamuno salola kuti mbali imodzi igonjetse inzake. Ati moyo weniweni wa munthu uli m'kulimbana komweko, ndipo chikhulupiriro, poyamba penipeni, ndicho kufunitsitsa kuti Mulungu akhalepo. Nchifukwa chake ankakonda kwambiri bambo uja wa pa Marko 9:24, amene adavomereza chikhulupiriro chake napemphanso chithandizo pa kusakhulupirira kwake m'mpweya umodzi womwewo. Adaphunzira ngakhale chilankhulo cha ku Denmark, ndipo adaŵerenga Søren Kierkegaard m'mau ake omwe.

Pozindikira kuti nkhondo yotere sifotokozeka bwino ndi mfundo zondondozana, iye adaiika m'nthano zopeka. Mu Niebla, ndiye kuti nkhungu (1914), mnyamata Augusto Pérez, atanyengedwa ndi mkazi amene ankafuna kumukwatira, aganiza zodzipha, koma ayamba wapita ku Salamanca kukafunsa nzeru kwa Unamuno mwini wake. Mlembiyo amuuza kuti sangathe kudzipha pakuti ndi munthu wongopeka, ndipo kuti adzafa pamene womulemba afunire. Apa Augusto, amene adabwera kudzafuna imfa, agwada napempha moyo. Atakanidwa, akumbutsa mlembiyo kuti nayenso adzafa tsiku limene Mulungu adzaleke kumulota. Oŵerenga amayamba ndi kuseka, kenaka chiseko chimauma pakamwa. Za Abel Sánchez (1917), nthano ya kaduka ka Kaini m'masiku athu ano, sitinenapo zambiri.

Nthano imene itikhudza ife ansembe ndi San Manuel Bueno, mártir, imene adailemba mu 1930, atabwerako ku ukapolo wa zaka 6 umene boma la Primo de Rivera lidamupatsa. Idatuluka mu 1931. Mudzi wa m'nthanoyo, Valverde de Lucerna, uli pakati pa phiri ndi nyanja. Unamuno adautengera ku nyanja ya Sanabria imene adakaiona chaka chomwecho cha 1930. Bambo mfumu wa mudziwo, Don Manuel, ndi wansembe amene parishi iliyonse ingamulakelake: ayanjanitsa mabanja, ayendera odwala, athandiza kumunda, sakhala chete ndi kamphindi komwe. Koma anthu onse akamanena pamodzi Kumvera kwa Apostoli, pofika pa kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha, mau ake amazimirira m'mau a mpingo. Iye sakhulupirira zimenezo. Chinsinsichi achiululira Lázaro, mnyamata wobwerera kuchokera ku America ali wonyoza zachipembedzo, ndipo Lázaro achiululira mlongo wake Ángela, amene ndiye asimba nkhani yonse. Don Manuel aganiza kuti anthu wamba sangathe kusenza choona chimene iye akuchisenza, tsono ntchito yake njoŵasunga m'chimwemwe mpaka afe. Nyanja yomwe ija imamuitana tsiku ndi tsiku kuti adziponyemo, ndipo kutanganidwa kwake konse ndi njira yothaŵira kuitanako. Atamwalira, episkopi ayamba kufufuza za moyo wake kuti atchedwe wodala.

Wina adzati: zimenezi nzaku Ulaya. Mcheŵa kapena Mtonga wa ku Liwaladzi sakayika konse kuti akufa alipo. Amaŵalota, amaŵatchula pa mavuto, amapatsa ana maina ao. Nzoona, ndipo tisapeputse cholowa chimenechi. Koma tiyeni tiyang'anitsitse. John Mbiti, m'buku lake la 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za mu Afrika, adaonetsa kuti wakufa amakhalabe pafupi ndi abale ake nthaŵi yonse imene alipo omukumbukira ndi dzina. Mibadwo inayi kapena isanu ikapita, amaloŵa m'gulu la mizimu yopanda maina. Unamuno akadamva zimenezi sakadatonthola. Kukhala m'chikumbumtima cha adzukulu, kapena m'mbiri ya mabuku amene adalemba, iye ankakuyesa mthunzi chabe wa chimene ankachifuna: kukhalabe iye mwini, ndi thupi lake, ndi kudzidziŵa kwake, mpaka muyaya. Pamenepa njala yake ikumana ndi chiphunzitso cha Eklezia koposa m'mene ikumanirana ndi mwambo wathu, pakuti Eklezia salonjeza kukumbukiridwa kokha, koma kuuka kwa thupi.

Ndipo funsoli silichokera m'kalasi. Miyezi ya mwera, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, mabwato opita ku usipa usiku sabwerera onse. Nthaŵi zina nyanja imabweza mtembo patapita masiku, nthaŵi zina siubweza. Mai amene mwana wake sadapezeke safunsa za mizimu yambirimbiri. Afunsa za mwana uyu, wa nkhope iyi, ngati adzamuonanso. Ameneyu ndiye munthu wa mnofu ndi mafupa wa Unamuno, ngakhale sadamvepo dzina la Salamanca. Msonkhano wa Vatikano wachiŵiri udavomereza zomwezo mu Gaudium et Spes, ndime 18, pophunzitsa kuti munthu salakwa pamene mtima wake ukana kutheratu kwake.

Tsono tisiyana pati ndi Unamuno? Poyamba, nzeru za m'mutu zimene iye aziika pankhondo ndi mtima nzopapatiza, nzeru za m'zaka za m'ma 1800 zimene zinkangovomera choyezeka ndi chogwirika. Eklezia, kuyambira pa Thomas Aquinas mpaka pa kalata ya Papa Yohane Paulo II Fides et Ratio (1998), aphunzitsa kuti nzeru ndi zotambalala kuposa pamenepo. Komanso chiyembekezo chathu sichitsamira pa kukula kwa njala yathu. Njala sibala nsima. Chitsamira pa umboni wa atumwi wakuti Kristu adauka, monga Paulo Woyera alimbikira pa 1 Akorinto 15.

Chachiŵiri nchachikulu, ndipo chitikhudza pafupi. Tchimo la Don Manuel, ngati tingalitchule tchimo, si mdima umene uli mumtima mwake. Tereza Woyera wa ku Lisieux adadutsa mu mdima wonga womwewo pa za kumwamba, kuyambira pa Paska wa 1896 mpaka imfa yake mu 1897, chaka chomwe chija cha usiku wa Unamuno. Ndipo Joseph Ratzinger adalemba mu 1968 kuti wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse aŵiri amalaŵa chikayiko. Vuto la Don Manuel nlakuti ayesa akristu ake ana osayenera kumva zoona. Aŵakonda, inde, koma chikondi chake chiŵayang'anira pansi. Ife amene tidalandira miphakati kuchokera ku msonkhano wa dayosezi ya Lilongwe wa 1973 mpaka 1975, pa nthaŵi ya Episkopi Patrick Kalilombe, tidaphunzira kuti akristu wamba ndiwo Eklezia, osati odwala ofunika mankhwala ogonetsa. Msodzi amene waika m'manda ana ake aŵiri ndipo akubwerabe ku Misa adziŵa za kulimbana ndi Mulungu kuposa m'mene wansembe wachinyamata angaganizire. Yesero la Don Manuel limagwira msanga munthu wophunzira: atatha zaka zake ku Kachebere ndi ku Zomba, ayamba kusunga mafunso ake m'chipinda, nagaŵira anthu mayankho amene iye mwini sadaŵatafune.

Komabe Unamuno adaika m'nthanoyo chinthu chimene Don Manuel sachiona. Pamene wansembeyo akhala chete pa Kumvera kuja, mpingo suleka. Upitiriza ndi mau amodzi mpaka kumapeto, ndipo Ángela aona ngati anthu apaulendo asenza mtsogoleri wao wolefuka kuti akafike naye. Mutu umodzi susenza denga, adatero makolo. Ángela yemweyo, polemba nkhaniyi ali mai wa zaka zoposa 50, afika poganiza kuti Don Manuel ndi Lázaro adafa akudziyesa osakhulupirira, pamene m'kati mwa chipululu chao ankakhulupirira osadziŵa. Mlembi sagamula ngati maiyo akunena zoona. Iye mwini adamwalira ku Salamanca pa 31 Disembala 1936, ali wotsekeredwa m'nyumba mwake, atachotsedwa pa udindo chifukwa chodzudzula poyera ankhondo a Franco pa 12 Okutobala chaka chomwecho.