Kulembetsa ku Boma Bungwe Lothandiza Anthu

Masiku ano m'midzi yambiri anthu ali kupangana kuyambitsa mabungwe aoao. Ena afuna kusamala ana amasiye, ena afuna kumanga sukulu ya mkombaphala, enanso afuna kuthandiza nkhalamba ndi odwala. Ichi nchinthu chokoma ndithu. Koma mabungwe ambiri otere amafa msanga, ndipo kawirikawiri chimene chiwapha si ulesi ai, koma mkangano wa chuma. Popeza aphunzitsi ndi ena odziwa kulemba ndiwo amapemphedwa kukhala alembi a mabungwewa, nkoyenera kuti adziwe bwino chimene lamulo linena.

Zimayamba motere. Anthu asonkha ndalama, mwina athandizidwanso ndi abale ao a ku tauni, nagula chigayo kuti ndalama zake zigulire ana amasiye ufa wa phala. Wogulitsa afunsa dzina loti alembe pa lisiti. Popeza bungwelo silidziwika ku Boma, alemba dzina la wapampando, ndipo ndalama za chigayo nazonso zisungidwa ku banki m'dzina la munthu yemweyo. Zinthu ziyenda bwino zaka zingapo, pakuti bamboyo ngwokhulupirika. Tsiku lina amwalira. Pofika nthawi yogawa chuma chamasiye, abale ake apeza lisiti ndi buku la ku banki, zonse zili ndi dzina la mbale wao. Kodi iwo adzati chigayo ncha yani? Mlandu ukafika ku bwalo, woweruza adzafunsa chimene chinalembedwa. Abalewo si akuba ai, angowerenga pepala. Cholakwa chinachitika tsiku logula chigayo lija.

Kulembetsa bungwe ndiko kutseka khomo la mavuto otere. Bungwe likalandira satifiketi yolipatsa mphamvu mwa lamulo, lamulo liliona ngati munthu payekha, wosiyana ndi mamembala ake. Munthu ameneyu alibe thupi, koma ali ndi dzina ndiponso chidindo. Angathe kukhala ndi nyumba, chigayo ndi ndalama ku banki m'dzina lake. Angathe kusumira wina ku khoti, nayenso angathe kusumiridwa. Ndipo samwalira. Wapampando akafa kapena akasamuka, mamembala asankha wina, koma chuma chikhala pomwe chinali.

Pali mau amene asokoneza anthu ambiri, akuti bungwe lotere "silipanga phindu." Ena amva ngati bungwelo siliyenera kugulitsa kanthu. Si tero. Chigayo chingathe kulipiritsa ogaitsa, ndipo wogwira ntchito pa chigayopo ayenera kulandira malipiro ake. Choletsedwa nchakuti ndalama zotsala zigawidwe kwa mamembala. Zonse ziyenera kubwerera ku ntchito imene bungwe linayambira. Anthu amene cholinga chao nkugulitsa pamodzi mtedza kapena mkaka, nagawana zotsala pakutha pa chaka, afunika kopareti, imene ili ndi lamulo lakelake ndi ofesi yakeyake. Nkwabwino kumvana za ichi pa msonkhano woyamba, chifukwa munthu amene analowa poyembekeza gawo lake adzakhala woyamba kunena kuti akuluakulu adya ndalama.

Ntchito yaikulu ichitikira kumudzi komweko, anthu asanakwere basi kupita ku ofesi iliyonse, ndiyo kulemba malamulo oyendetsera bungwe. Ambiri amangobwereka malamulo a bungwe lina, nasintha dzina lokha, osawawerenga nkomwe. Pamenepo ndiye pagona ngozi, pakuti tsiku la mkangano pepala lomwelo ndilo lidzaweruza. Malamulowo anene dzina la bungwe, kumene likhala, ndi cholinga chake m'mau omveka. Anene amene angathe kukhala membala ndi zimene zingamchotse. Anene kasankhidwe ka wapampando, mlembi ndi msungichuma, zaka zimene akhale pa udindo, ndi chiwerengero cha anthu oyenera kupezeka kuti msonkhano uthe kumanga mfundo. Pa za ndalama nkofunika kulemba kuti potapa ku banki pasainidwe ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo nkwanzeru kuti osainawo asakhale a banja limodzi, ngakhale atakhala anthu olemekezeka. Potsiriza malamulowo anene kumene chuma chidzapite bungwe likadzatha. Yankho loyenera nlakuti chidzaperekedwa ku bungwe lina la ntchito yofanana, osati kugawana. Malamulo akalembedwa awerengedwe mokweza pa msonkhano wa onse, m'chilankhulo chimene onse amva, ndipo mlembi alembe m'buku tsiku, maina a opezekapo ndi zimene agwirizana. Zolembazi zidzafunidwa ku ofesi.

Tsono njira zolembetsera zilipo zingapo, ndipo bungwe lisankha molingana ndi kukula kwake.

Bungwe laling'ono logwira ntchito m'midzi yowerengeka, limene anthu alitcha CBO, liyambira kwa mfumu ndi ku komiti za chitukuko za m'mudzi ndi za m'dera. Kuchokera kumeneko lipita ku khonsolo, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, litanyamula malamulo ake, maina a akuluakulu ake ndi kalata ya mfumu. Likalembedwa kumeneko lidziwika kwa Bwana D.C. ndi kwa alangizi, ndipo kwa magulu ambiri izi zikwanira. Koma bungwe lofuna kukhala ndi nyumba kapena katundu wamkulu m'dzina lake liyenera kupitirira apo.

Njira yakale imene mipingo ndi mabungwe ambiri achifundo anadzera ndi lamulo lotchedwa Trustees Incorporation Act, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1962, dziko lino lisanalandire ufulu wake mu 1964. Mamembala asankha anthu angapo okhulupirika, otchedwa matrasti, amene ntchito yao nkusunga chuma cha bungwe m'malo mwa onse. Matrastiwo asaina kalata yopempha, natumiza pamodzi ndi malamulo a bungwe, zolemba za msonkhano umene unawasankha, ndi chithunzi cha chidindo chao. Zonsezi zidzera ku ofesi ya kaundula wa Boma, imene anthu anazolowera kuitcha ya Registrar General, ndipo Nduna ikakhutira satifiketi iperekedwa. Kukhala trasti si ulemu wokha, ndi katundu wolemera. Trasti sali mwini chuma, ndipo akachigwiritsa ntchito pa zake angathe kuimbidwa mlandu. Njira ina ndiyo kulembetsa ngati kampani yopanda masheya pansi pa lamulo la makampani la 2013, koma imeneyi kawirikawiri ifuna thandizo la loya.

Bungwe likakula, nkumagwira ntchito m'madera ambiri ndi kulandira thandizo lochokera kunja, ligwera pansi pa lamulo la mabungwe omwe si aboma, NGO Act, la 2001. Lamuloli linakhazikitsa NGO Board, ndipo litasinthidwa mu 2022 ntchito ya bodiyo inapita m'manja mwa NGO Regulatory Authority, mwachidule NGORA. Kumeneko afuna kuona malamulo a bungwe, dongosolo la ntchito zimene lifuna kuchita, kumene ndalama zichokera, ndi chivomerezo cha Unduna woyang'anira ntchito ya mtundu umenewo, monga wa Zaumoyo kapena wa Maphunziro. Mwa atsogoleri ake, osachepera awiri ayenera kukhala nzika za Malawi, ndipo bungwelo liyenera kulonjeza kuti silidzachita ndale za chipani. Palinso CONGOMA, imene ili msonkhano wa mabungwe eni ake, kumene atsopano angapeze malangizo.

Satifiketi ikafika ntchito siithera pomwepo. Bungwe lolembedwa ku NGORA liyenera kupereka chaka ndi chaka lipoti la ntchito zake ndi la ndalama, lopimidwa ndi katswiri wowerengera ndalama wochokera kunja kwa bungwelo. Trasti akamwalira kapena akatula pansi udindo, ofesi ya kaundula idziwitsidwe dzina la wolowa m'malo mwake. Ndalama zolipira polembetsa zimasinthasintha, motero otumidwa afunse mtengo wake ku ofesi komweko, alipire pa malo oyenera, ndipo abwerere ndi lisiti la Boma lokaonetsa anzao. Satifiketi yeniyeni isungidwe pouma pamodzi ndi buku la misonkhano, kutali ndi chiswe, ndipo poyenda anyamule kope lake.