Sitima za ku Joni zabwerera, koma venda watsala pageti

Amene mudapitako ku Johannesburg kukapikula katundu chisanafike chaka cha 2020 mukuzikumbuka sitima zachikasu za Metrorail, zonyamuka pa Park Station kulowera ku Soweto, Tembisa, Germiston ndi Pretoria. M'sitima zimenezi munali msika weniweni. Uyu maswiti, uyu mtedza, winayu maapozi ndi machaja a foni, kwinaku m'busa ali kalikiliki kulalikira. Venda ankangogula tikiti n'kumayenda bogi ndi bogi. Lendi panalibe, ndipo kasitomala analibe kothawira kufikira atatsika.

Msika umenewu udatha ngati moto wamapesi. Chakumapeto kwa 2019, bungwe la boma loyendetsa sitimazi la Prasa lidathetsa makontirakiti a makampani olondera njanji. Mu Malichi 2020 sitima zidaima chifukwa cha Covid-19, ndipo mbava zidapeza danga. Zidadula mawaya a magetsi a kopa, kusasula madenga, kuzula zitseko ndi mawindo. Masiteshoni ena, monga ya Kliptown ku Soweto, adatsala zipupa zokha. Apaulendo adasamukira kumaminibasi, ndipo mayi amene ankakazinga vetkoek, mandasi akumeneko, pakhomo la siteshoni adatsala ndi chiwaya chake, wogula osaoneka.

Tsopano njanji zikutsegulidwanso imodzi imodzi. Ya Mabopane kupita ku Pretoria idayamba kumayambiriro kwa 2022, ya Naledi ku Soweto chakumapeto kwa chaka chomwecho. M'njanjimo mukuyenda sitima zatsopano zabuluu zomwe kampani ya Gibela ikupanga ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel. Eni ake adazitcha Isitimela Sabantu, kutanthauza sitima ya anthu. Koma venda sadawerengedwe pa anthuwo: Prasa idaletsa kugulitsa malonda, kulalikira ndi kutchova juga m'sitimazi, ndipo muli makamera ndi alonda. Za Gautrain, sitima yaliwiro yomwe idayamba mu 2010, musachite kufunsa. M'menemo ngakhale kutafuna chingamu n'koletsedwa.

Komabe anthu akubwerera kusitima, ndipo chowakoka ndi mtengo. Kwa zaka pafupifupi 10 tikiti ya ulendo waufupi inali R7.50. Idakwera kufika pa R10 mu Ogasiti 2025, koma minibasi siyifika n'komwe pamenepo. Wantchito wa ku Soweto amene wapulumutsa ndalama pathiransipoti ndi yemweyo angagule nthochi kapena mayunitsi akatsika. Ndalama ija ilipobe, kungoti yachoka m'bogi, ili pageti ndi m'njira yochoka pasiteshoni kupita kumalo okwerera maminibasi.

Choncho ngati m'bale wanu ku Joniko akukuuzani kuti mumuwonjezere mpamba akatsegule benchi pasiteshoni, mufunseni kaye mafunso. Kodi njanji imeneyo sitima zikuyendamo, kapena angolonjeza? Zimadutsa kangati m'mawa ndi madzulo? Malonda a pasiteshoni ndi a maola ochepa, anthu ake ndi othamanga, ndiye chimayenda ndi chinthu chotsika mtengo chosafuna kunenerera. Funsaninso za chilolezo cha khonsolo, poti apolisi a mzinda a JMPD amalanda katundu wa ogulitsa pamalo osaloledwa. Kwa mlendo amene mapepala ake sali bwino, nkhani siyithera pakatundu pokha.

Nanga inu opita kukaoda? Mabasi ambiri ochoka kuno amakathera pa Park Station kapena pafupi napo, ndiye sitima muli nayo pakhomo. Ine ndikuona kuti ndi yabwino tsiku loyamba, lozungulira chimanjamanja kufananiza mitengo. Tsiku logula ayi. Mabelo a mabulangete simungalimbane nawo pamasitepe ndi pazitseko zodzitseka zokha m'kati mwa chikhamu cha oweruka kuntchito. Pamenepo lipirani galimoto, ndipo ndalama yake muiike pamtengo wa katundu musanawerenge phindu.