Masewero akale a ku China akuthandiza mkono wa mayi pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere

Mayi akachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere, chilonda chimapola koma nthawi zambiri vuto limatsalira paphewa ndi mkono wa mbali imeneyo. Mkono umakana kukwera, moti kupesa tsitsi, kuvala bulauzi ngakhalenso kuyanika zovala pachingwe kumasanduka ntchito yowawa. Pofuna kuthana ndi vutoli, zipatala zina m'dziko la China zimaphunzitsa amayi otere masewero akale otchedwa Baduanjin.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansayi m'chaka cha 2022. Pochotsa chotupa, madokotala kawirikawiri amachotsanso timinofu ta m'khwapa, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, chifukwa khansa ikamafalikira imayambira m'menemo. Koma timinofu tomweto ndi njira yomwe madzi a m'thupi ochokera kumkono amadutsa. Njirayo ikadulidwa madzi amadikha ndipo mkono umatupa, vuto lomwe achipatala amati lymphoedema. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya Lancet Oncology anapeza kuti kutupaku kumagwira mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse. Kuwonjezera apo, chipsera chimakoka khungu, chithandizo cha radiotherapy chimaumitsa minofu, ndipo mayi poopa ululu amangopanikiza mkono kuthupi mpaka phewa kuuma.

Dzina lakuti Baduanjin limatanthauza zidutswa 8 za nsalu ya silika yopetedwa, ndipo limapezeka m'mabuku a nthawi ya mafumu a Song omwe analamula kuyambira 960 mpaka 1279. Mu 2003 nthambi ya boma la China yoona zamasewero inakhazikitsa ndondomeko imodzi yochitira masewerowa, yomwe imatenga mphindi pafupifupi 12. Munthu amaimirira malo amodzi, kupuma mwachifatse, maganizo onse ali pa chiwalo chomwe akusuntha.

Magawo atatu oyambirira ndi omwe amakhudza kwambiri phewa. M'gawo loyamba munthu amalukanitsa zala nakweza manja pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mutu ngati akuchirikiza thambo. M'gawo lachiwiri amatambasula chifuwa ngati akukoka uta, kumanzere kenako kumanja, ndipo m'gawo lachitatu dzanja limodzi limakwera pomwe linalo likukankha pansi. Asing'anga akale a ku China ankati izi zimayendetsa mphamvu ya moyo yomwe amaitcha qi. Akatswiri a mafizo amafotokoza mosavuta: chipsera chimafewa chikamakokedwa modekha tsiku ndi tsiku, ndipo minofu ikamagwira ntchito limodzi ndi kupuma kwakuya imathandiza kukankha madzi ochokera kumkono.

Kwa zaka zambiri amayi ankalangizidwa kuti mkono wotere aziupumitsa. Langizoli linagwedezeka mu 2009 pomwe Kathryn Schmitz ndi anzake a ku University of Pennsylvania m'dziko la America, atafufuza amayi 141 otupa mikono, anapeza kuti kunyamula zitsulo mowonjezera pang'onopang'ono sikukulitsa kutupako. Mu 2021 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PROSPER, wa amayi 392, anaonetsa kuti omwe anayamba mafizo patangotha masiku 7 mpaka 10 chichitikireni opaleshoni anali ndi mikono yogwira bwino ntchito pakutha kwa chaka kusiyana ndi anzawo.

Umboni wokhudza masewero a ku China enieniwo ndi wocheperapo, ndipo apa m'pofunika kunena chilungamo. Akafukufuku angapo a ku China aonetsa kuti phewa limamasuka, kutopa kumachepa ndipo amayi amagona bwino. Komabe ambiri mwa akafukufukuwa anali a anthu ochepa ndiponso a miyezi yowerengeka chabe. Pa nkhani yochepetsa kutupa kwa mkono umboni ndi wofooka kwambiri, choncho mayi wotupa mkono asasiye bandeji kapena chovala chofinya mkono chomwe achipatala anamupatsa. Khansa yeniyeniyo masewerowa sachiza.

Ubwino wake kwa okonza ndondomeko zaumoyo ndi wakuti safuna makina, magetsi kapena nyumba yapadera. Namwino mmodzi wophunzitsidwa bwino angathe kutsogolera gulu la amayi pakhonde la chipatala, ndipo wofooka angathe kuchita magawo a manja ali chikhalire pampando.

Nthawi yoyambira amanena ndi dokotala yemwe anachita opaleshoniyo. Kawirikawiri m'sabata yoyamba, kachubu kotulutsa madzi pachilonda kasanachotsedwe, mayi sakweza mkono kupitirira phewa. Ngati mkono wafiira, watentha kapena watupa mwadzidzidzi, makamaka thupi likatenthanso, mayi asiye masewerowo ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa zizindikirozi zimasonyeza kuti m'khungu mwalowa tizilombo.